Kukopera code: kuba kapena kuphwanya ufulu wa mwini?

Amalawi amene amalemba mapulogalamu a kompyuta muno mu Johannesburg amatsutsana kawirikawiri ngati kukopera code (malangizo olembedwa amene amayendetsa pulogalamu) ya mnzako n'kuba. Wolanda laputopu mumsewu wa ku Hillbrow amasiya mwini wake chimanjamanja, ndipo kumeneko ndiko kuba kumene makhoti amakudziwa. Wokopera code amasiya mwiniyo ali nayobe, choncho mlandu wake umagwera pansi pa Copyright Act ya 1978, lamulo la ku South Africa loteteza ufulu wa mwini pa zimene walemba kapena kupanga, limene kuyambira 1992 limateteza mapulogalamu ngati gulu lapadera. Mwiniyo angathe kukasuma kuti alipidwe ndiponso kuti wokoperayo aletsedwe, pamene wogulitsa makope otere mwadala angathe kukhala kundende mpaka zaka 3 pa mlandu woyamba. Ine ndimaona kuti ululu wake ndi umodzi, chifukwa makasitomala amatengedwa ndi munthu amene sanakhetse thukuta.