Tsiku limodzi ku Bears Ears ndi kampani yoperekeza alendo ya ku Bluff

M'mwezi wa Okutobala ndinalipira kampani ina yaing'ono ya m'tauni ya Bluff, kum'mwera chakum'mawa kwa Utah ku America, kuti indiperekeze m'dera lotetezedwa la Bears Ears. Ndikulemba izi chifukwa cha anzathu amene amafunsa ngati n'koyenera kulipira woperekeza pamene malo ambiri m'derali munthu angathe kufikako yekha ndi galimoto yake. Kwa ine ndalamayo sinapite pachabe, ngakhale kuti zina sizinandikhutiritse.

Tinali alendo asanu, ndipo wotiperekeza anali bambo wachikulire wa mtundu wa Navajo, umodzi mwa mitundu ya eni nthaka a ku America, wosapupuluma polankhula. Anatitengera kaye ku Mule Canyon kukaona tizipinda takale ta miyala ndi dothi totchedwa House on Fire, ndipo anaumirira kuti tifikeko dzuwa lisanafike pamutu, chifukwa nthawi imeneyo kuwala kochokera pakhoma la tsidya lina la chigwa kumagunda thanthwe la pamwamba pa tizipindato, mizere yake n'kumaoneka ngati malawi a moto. Tili m'njira anawerama natola kaphale koyera kokhala ndi mizere yakuda, kosaposa chala chachikulu, natilola kukayang'ana tonse, kenaka anakabwezera pakadzenje kake komwe. Anatiuza kuti eni mphikawo anachoka m'dera limeneli chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200, koma adzukulu awo, a mitundu ya Hopi ndi Zuni, alipobe ndipo amabwera kudzaona makolo awo. Ine amene ndinakulira kufupi ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni ku Dedza, komwe ndinaonapo mayina a anyamata atalembedwa ndi makala pambali pa zojambulazo, ndinamvetsa msanga chifukwa chake sanafune kuti aliyense wa ife atsamire khoma.

Chomwe chinakwanira mtengo wa ulendowu chinachitika masana kuchigwa cha Valley of the Gods. Bambowo anayala mapu pamwamba pa boneti, n'kutisonyeza malire atatu a Bears Ears ojambulidwa ndi mitundu yosiyana. Oyamba anali a pa 28 Disembala 2016, pamene Barack Obama anateteza maekala pafupifupi 1.35 miliyoni potsatira pempho la mitundu isanu: Hopi, Navajo, Zuni, Ute Mountain Ute ndi Ute Indian Tribe. Achiwiri anali a pa 4 Disembala 2017, pamene Donald Trump anachotsa pafupifupi magawo 85 mwa magawo 100 a malowo, n'kusiya zigawo ziwiri zokha, Shash Jáa ndi Indian Creek. Tsiku lomwelo anachepetsanso Grand Staircase-Escalante, dera lina lotetezedwa la ku Utah, pafupifupi ndi theka. Achitatu anali a pa 8 Okutobala 2021, pamene Joe Biden anabwezeretsa malire akale. Atatero anatiloza pansi pomwe tinaimapo natiuza kuti kwa zaka pafupifupi zinayi nthaka imeneyo inali kunja kwa chitetezocho, pomwe tizipinda tomwe tinaona m'mawa tinatsalira mkati. Nkhaniyi ndinali nditaiwerengapo kangapo, koma ndinaimvetsa pokhapokha nditaima pamalo amene cholembera cha munthu mmodzi chinawatulutsa, cha wina n'kuwabwezeramo.

Anafotokozanso momveka bwino gwero la mkanganowu. Lamulo la Antiquities Act, limene Theodore Roosevelt anasainira mu 1906, limapatsa pulezidenti mphamvu zoteteza malo a boma popanda kudikira nyumba ya malamulo, koma silinena ngati pulezidenti wotsatira angachepetse malowo. Mitundu isanu ija, mabungwe oteteza chilengedwe ndi kampani ya zovala ya Patagonia anakasuma mu 2017, koma milanduyo inaimitsidwa funsoli lisanagamulidwe. Kusiyana kwa mkati ndi kunja kwa malire si kwa papepala chabe, popeza mkati boma silipereka zilolezo zatsopano za migodi ndi mafuta, ndipo m'derali muli miyala ya yuraniyamu, yomwe fakitale yake yoyengera ili ku White Mesa, pafupi ndi tauni ya Blanding.

Apa m'pamene ndikuona kuti kampaniyi ingachite bwino koposa. Mmodzi wa ife atafunsa za anthu otsutsa, anangoyankhidwa mwachidule kuti amafuna migodi basi. Komatu pali oweta ng'ombe ndi mabanja a ku Blanding ndi Monticello amene amadandaula kuti zinthu za kwawo zimagamulidwira ku Washington, ndipo boma la Utah lenilenilo linakasuma mu 2022 potsutsa zomwe Biden anachita. Ine ndili kumbali yakuti malowa atetezedwe, komabe mlendo wolipira ayenera kumva dandaulo la enawo mokwanira, chifukwa ndi lomwe andale amatsamira akafuna kusuntha malire.

Zina ndi zazing'ono koma zoyenera kudziwika. Galimoto inafika mochedwa ndi theka la ola, zomwe zinachititsa kuti tithamange pobwerera kuchoka ku Mule Canyon, ndipo chakudya chamasana chinali buledi wopaka ndi apulo mmodzi, chosakwanira munthu amene wayenda pamchenga ndi pamiyala m'mawa wonse. Madzi anali okwanira. Netiweki ya foni kulibe m'malo ambiri, zimbudzi nazo n'zotalikirana, ndipo kampaniyi sinatichenjeze za zimenezi polembetsa. Amene ali ndi mantha a pamalo okwera afunsiretu ngati ulendo wa tsikulo udzadutsa pa Moki Dugway, msewu wa miyala wokhotakhota umene umatsika phompho la Cedar Mesa wopanda zitsulo zotchingira m'mphepete, chifukwa mayi wina amene tinali naye anatsika msewu wonsewo atatsinzina.