Ryzen 5 5600 ndi RX 6600: zimene ndinaika m'kompyuta yanga yoyamba ya magemu

Papita miyezi isanu ndi itatu chilumikizireni kompyuta yanga yoyamba yosewerera magemu, ndipo ndikhoza kunena mosabisa kuti purosesa ya Ryzen 5 5600 ndi graphics card (khadi yotulutsa zithunzi pa sikirini) ya Radeon RX 6600 zimayenderana bwino kwa munthu amene ndalama zake n'zowerengeka.

Ndisanagule kalikonse ndinatha masabata angapo mtima uli pawiri, 5600 kapena 5600G. Mainawo amasiyana chilembo chimodzi chokha, koma mkati mwake simofanana. Ya G ija imatha kutulutsa zithunzi payokha popanda graphics card, koma cache yake ya L3 (kamemori kothamanga ka mkati mwa purosesa) ndi 16MB pomwe ya 5600 ndi 32MB, komanso imalekezera pa PCIe 3.0 (njira yolumikizira khadi, yochedwerapo kuposa 4.0). Poti graphics card ndinali nditatsimikiza kale kuti ndigula, ndinatenga 5600. Ili ndi ma core 6, imafuna 65W, ndipo imabwera ndi fani yake m'bokosi. Inatuluka mu 2022, koma mpaka lero sindinaionepo ikulephera gemu imene ndimasewera.

Ndalama zambiri ndinaziika pa RX 6600, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mundimvetse. Pa magemu, khadi imeneyi ndiyo imasenza katundu wolemera. Ili ndi 8GB, imadya magetsi okwana 132W basi, ndipo imafuna chingwe chimodzi cha 8-pin. Pa sikirini yanga ya 1080p, Fortnite ndi Counter-Strike 2 zimayenda myaa, osadukiza. Pamene imafooka ndi pa ray tracing, njira yoonetsera kuwala m'gemu ngati kwenikweni. Mukaiyatsa m'magemu olemera liwiro limatsika kwambiri, choncho ine ndimangoizimitsa ndipo sindiisowa. Ngati mtima wanu uli pa sikirini ya 1440p, sungani ndalama kaye mugule khadi yokulirapo.

Motherboard, bolodi limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo, ndinasankha ya B550 chifukwa RX 6600 imagwiritsa ntchito mizere 8 yokha ya PCIe 4.0, ndiye sindinafune kuipanikiza pa motherboard ya A520 imene ili ndi 3.0. Poika purosesa musathamange. Pa AM4, mtundu wa soketi imene 5600 imalowamo, timapini tili pa purosesayo, ndipo sitichedwa kupindika. Yang'anani kachizindikiro ka makona atatu pangodya, muilowetse yokha osaikankha.

RAM ndi DDR4, timitengo tiwiri ta 8GB, osati kamodzi ka 16GB, kuti tigwire ntchito limodzi. Ndinatiika pa malo achiwiri ndi achinayi monga buku la motherboard linanenera. Chimene ambiri amaiwala n'kulowa mu BIOS (menyu ya motherboard) n'kuyatsa XMP, imene imachititsa RAM kuyenda pa liwiro lake lonse. Popanda kutero, RAM ya 3200MHz imayenda pang'onopang'ono kuposa mmene munailipirira.

Pa power supply, chipangizo chogawa magetsi m'kompyuta, m'pamene ndinapunthwa. Pofuna kupulumutsa ndalama ndinagula yopanda dzina lodziwika, yolembedwa mawati ambiri pachikuto. Kompyuta inkangozima yokha gemu ili mkati, ndipo usiku wina inayamba kununkha ngati waya wopsa. Ndinachita mantha kwambiri, poganiza kuti khadi imene ndinaivutikira miyezi yambiri yapita. Mwamwayi inapulumuka. Ndinagula ina ya 550W yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus Bronze, yochokera ku kampani yodziwika, ndipo kuyambira tsiku limenelo kompyuta sinazimenso.

SSD, yosungiramo magemu ndi mafayilo, ndi ya mtundu wothamanga wa NVMe ya 1TB, chifukwa magemu a masiku ano ndi akuluakulu ndipo 500GB imadzaza msanga. Bokosi la kompyuta ndinatenga lotsika mtengo, bola linali ndi maukonde kutsogolo olowetsa mpweya. Magetsi amitundumitundu okongoletsera kompyuta aja sindinawaikire ndalama ngakhale pang'ono.

Tsiku loyatsa koyamba, chingwe cha HDMI mulowetse pa graphics card, osati pa motherboard. Poti 5600 siitulutsa zithunzi payokha, mukachilowetsa pa motherboard sikirini imangoti bii, ngakhale zonse zili bwinobwino.