Mahomoni kapena captopril: zimene makoswe odwala mtima anaonetsa

Ofufuza akafuna kuti khoswe adwale mtima, amamanga mtsempha umodzi wodyetsa mtimawo magazi. Mbali ina ya mnofu imafa, ndipo pakapita milungu mtima umatanuka n'kumapopa mofooka.

Mankhwala a captopril amamasula mitsempha ya magazi, motero mtima suvutika kwambiri pokankha magazi. Mu 1985 ofufuza Marc ndi Janice Pfeffer anasonyeza kuti makoswe opatsidwa mankhwalawa amachedwa kufa, ndipo mu 1992 kafukufuku wamkulu wotchedwa SAVE anapeza zomwezo mwa anthu odwala mtima.

Mahomoni ndi timadzi timene thupi limapanga toyendetsa ntchito zake. Homoni yokulitsa thupi njira yake ndi ina: imanenepetsa mnofu wa mtima kuti uzifinya mwamphamvu. Pa makoswe zinasangalatsa ndithu, mtima unkapopa bwino. Koma atayesa mwa anthu mu 1998, mnofu unakuladi, odwalawo osapezako bwino. Mankhwala a serelaxin, ochokera ku homoni yochuluka mwa amayi oyembekezera, nawonso anagwa chagada pa kafukufuku wamkulu wa anthu.

Ine mtima wanga uli kwa captopril, chifukwa pa kafukufuku wa 1985 uja ankawerenga makoswe otsala amoyo pakatha chaka. Zoyesa zambiri za mahomoni zinkangoyeza kapopedwe kwa milungu yochepa, pa makoswe achinyamata opanda shuga kapena matenda a impso.