Njira zinayi zochokera ku Capileira: iti ikuyenera miyendo yanu?

Capileira ndi mudzi wa anthu osakwana 1,000 m'dera la Alpujarra, m'chigawo cha Granada, kummwera kwa Spain. Uli pamtunda wa mamita 1,436, ndipo kumunsi kwake, m'chigwa chomwecho cha mtsinje wa Poqueira, kuli midzi ina iwiri, Bubión ndi Pampaneira. Basi ya kampani ya Alsa yochokera ku Granada imatenga maola opitirira awiri chifukwa msewu ngokhotakhota. Ambiri amatsika basiyo mtima uli pa Mulhacén, phiri la mamita 3,479, koma mwa njira zinayi zomwe tiyerekeze pano, yokwera phirili si ndiyo imaonetsa zambiri.

Yambani mwadziwa zizindikiro. Njira zazifupi za PR zimapakidwa mizere iwiri, woyera ndi wachikasu, pamiyala ndi pazipilala zamatabwa. Woyera ndi wofiira ndi wa njira zazitali za GR, monga GR-240 yotchedwa Sulayr, yomwe imazungulira mapiri onse a Sierra Nevada. Mizereyo ikapingasana, ndiye kuti mwalowera kolakwika, bwererani. Anthu amasochera kwambiri potuluka m'mudzi, pamene njira za PR ndi GR zimayendera limodzi kenako n'kusiyana.

Njira ziwiri zofupikirapo ndi Pueblos del Poqueira ndi La Cebadilla. Zonse n'zozungulira, ndipo iliyonse imatha theka la tsiku, koma sizifanana.

Ya Pueblos, PR-A 70, ndi ya makilomita pafupifupi 10, maola anayi. Imadutsa m'midzi yonse itatu, n'kuwoloka mtsinje pa mlatho wa Chiscar kumunsi kwa Capileira, n'kubwerera cha kutsidya. Iyi ndi njira ya munthu wokonda kuona momwe anthu amakhalira. Nyumba zake n'zoyera, zamadenga afulati otsiridwa dothi lotuwa lotchedwa launa, lomwe likanyowa limatseka madzi. Pali ma tinao, tinjira tam'mudzi tofoleredwa pamwamba, ndipo ku Pampaneira madzi amayenda m'kangalande pakati penipeni pa msewu wa Verónica, pafupi ndi masitolo ogulitsa makalipeti oluka a jarapa. Kamangidwe aka n'kochokera kwa Asilamu omwe ankakhala kuno mpaka pamene anathamangitsidwa itatha nkhondo ya 1568 mpaka 1571. Vuto la njirayi ndi masamu a chitunda. Pampaneira ili pa mamita 1,058, choncho mukayambira ku Capileira mudzamaliza ndi kukwera mamita pafupifupi 400 dzuwa lili paliwombo, miyendo itatopa kale. Pitani pa basi mpaka ku Pampaneira m'mawa, muyambe ndi chitunda, mumalize ndi kutsetsereka. Mawondo akayamba kudandaula pakati pa ulendo, mlatho wa Molino kumunsi kwa Bubión umadula njirayi pakati.

Ya La Cebadilla, PR-A 69, ndi yofupikirako pang'ono, maola atatu kapena kuposera apo. Imachoka kumtunda kwa Capileira kulowera kumpoto mpaka ku La Cebadilla, kamudzi komwe kanamangidwira anthu ogwira ntchito pamalo opangira magetsi. Lero ndi bwinja, nyumba ndi katchalitchi zangotsala zokha. Mukawoloka mtsinje, mumabwerera kutsidya la kumadzulo, kudutsa minda yamasitepe yomwe yambiri inasiyidwa, nyumba zamiyala za kumunda zotchedwa cortijo, ndi madwale ozungulira oyalidwa miyala pomwe ankapunthira tirigu. Madwalewa ankawamanga pamalo opita mphepo kuti mankhusu aziuluka, n'chifukwa chake ndi pomwe pamaoneka chigwa chonse bwino, ndipo ndi malo abwino odyera kamba. Mumawolokanso pa mlatho wa Abuchite n'kukwera kulowa m'mudzi. Kachitunda komalizaka n'kakafupi koma n'kowawa. Pa ziwirizi, wongofika kumene asankhe La Cebadilla: simufuna basi, anthu ndi ochepa, ndipo imakuuzani msanga ngati thupi likugwirizana ndi mpweya wa kumtunda.

Njira yomwe imaposa zonse, kwa amene ali ndi mphamvu ya tsiku lathunthu, ndi Acequias del Poqueira, PR-A 23. Konzekerani maola asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu. Imayamba ngati ya La Cebadilla, koma m'malo mobwerera imatsata mtsinje wa Naute kukwera mpaka ku Cortijo de las Tomas, pamtunda wa mamita pafupifupi 2,100, kenako n'kubwerera motsata ngalande. Ngalandezi, zomwe eni ake amati acequia, ndizo moyo wa chigwachi. Zimapatutsa madzi a chipale chofewa chikamasungunuka n'kuwayendetsa m'mbali mwa phiri, motsetsereka pang'onopang'ono, kukafika m'minda. Ena mwa madziwo amawasiya dala kuti alowe pansi, n'kukatumphuka mu akasupe kumunsi m'miyezi yotentha. Choncho mzere wobiriwira womwe mumauona utadula phiri louma si wachilengedwe, ndi ntchito ya makasu ya mibadwo yambiri. Kuyenda m'mbali mwa ngalande n'kopepuka popeza n'posakwera, koma pena kanjirako kamachepa, ndipo pomwe madzi asefukira pamaterera. Madzi a m'ngalande musamwe, kumtunda kuli ng'ombe ndi nkhosa. Tengani malita awiri kapena atatu pampopi wa m'mudzi. Mukakumana ndi ziweto zolondedwa ndi agalu akuluakulu, zilambalaleni patali, osathamanga, osadutsa pakati pa gulu. Cholakwika chofala pa njirayi n'kunyamuka mochedwa. Kumtunda kwa Las Tomas ndi m'ngalande mulibe mthunzi, ndipo kutsika komaliza kolowera ku Capileira n'kwakutali, kwa timiyala tosereka. Ndodo ziwiri zimapulumutsa mawondo pamenepa.

Tsono Mulhacén. Ndi nsonga yayitali kuposa zonse ku Spain kupatula Teide ya ku zilumba za Canary, ndipo imaposa Sapitwa wa pa Mulanje ndi mamita pafupifupi 480. Pali njira ziwiri zoikwerera kuchokera ku Capileira, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu. M'chilimwe, kabasi ka oyang'anira malo otetezedwa a Sierra Nevada kamanyamula anthu mpaka ku Alto del Chorrillo, pa mamita pafupifupi 2,700. Malo ndi ochepa, muyenera kulembetsa pasadakhale. Kuchoka apo mumakwera msana wautali wa miyala yokhayokha, maola awiri ndi theka kapena atatu. Sipafunika chingwe, komanso kunena zoona palibe chambiri choona mpaka mutafika pamwamba n'kusuzumira phompho la kumpoto. Samalani ndi Mulhacén II, kansonga komwe kali ndi chipilala chake ndipo kamanamiza anthu kuti afika, pomwe nsonga yeniyeni ikadali patsogolo. Popeza basi imakukwezani mamita oposa 1,200 m'kanthawi kochepa, ena mutu umawawa ndipo amachita nseru. Izi zikamakula, mankhwala ake n'kutsika. Ndipo basi yobwerera ili ndi ola lake, sidikira.

Njira inayo ndi ya masiku awiri. Tsiku loyamba mumadutsa ku Las Tomas n'kuwonjezera ola limodzi la chitunda chokhwima kufika ku Refugio Poqueira, nyumba yogona okwera mapiri pa mamita 2,500. Imbani kaye kuti mutsimikize kuti n'kotsegula ndipo bedi lilipo. M'mawa mwake mumatsata mtsinje wa Mulhacén mpaka ku kanyanja ka La Caldera, n'kukwera mbali ya kumadzulo. N'kotopetsa kuposa kwa basi, koma thupi limakhala litagona kumtunda, mumaona madambo ndi mbuzi zakutchire, ndipo mumakhala mwadya kale theka la njira ya Acequias. Amene ali ndi masiku awiri asankhe iyi.

Nyengo nayo imakusankhirani. Meyi ndi Juni ndi miyezi ya ngalande zodzaza ndi maluwa. Okutobala ndi wa njira ziwiri za m'chigwa, mitengo yobereka mtedza yotchedwa castaño ikamasintha masamba. Mulhacén wa nsapato wamba ndi wa Julayi mpaka Sepitembala. Kuyambira Novembala mpaka Meyi kumtunda kumakhala chipale chouma gwa, chofuna zitsulo zomangirira kunsapato, nkhwangwa ya pachipale ndi luso lozigwiritsa ntchito. Ngakhale mu Ogasiti pansonga pamawomba mphepo yozizira, choncho jekete isatsale kuchipinda. Kamba gulani dzulo lake, popeza masitolo a m'mudzi sachedwa kutseka masana ndipo satsegula m'bandakucha. Nambala ya ngozi ndi 112, koma m'zigwa zina foni sigwira, ndiye muuze wa komwe mwagona njira yomwe mwatenga ndi ola lomwe mubwere.