PCSX2, Dolphin ndi PPSSPP: Ndi Iti Ingathamange pa Kompyuta Yofooka?

Aliyense amene anayesapo kusewera magemu a PlayStation 2 pa laputopu yakale akudziwa mmene zimakhalira: mawu amakokeka ngati kaseti ya m'wailesi yomwe mabatire akutha, munthu wa m'gemu amayenda ngati akuwoloka madzi ofika m'chiuno, ndipo fani imalira osapuma. Ambiri amathamangira kutsitsa ubwino wa zithunzi, komatu kawirikawiri vuto siligona pamenepo. Ntchito ya emulator, yomwe ndi pulogalamu ngati PCSX2, Dolphin kapena PPSSPP yosewerera magemu a makina ena pa kompyuta, ndi kumasulira malangizo a makinawo kuti pulosesa ya kompyuta yanu iwamve, ndipo kumasulirako kumachitika gemu ili mkati. N'chifukwa chake PlayStation 2 ya mu 2000, yomwe pulosesa yake yotchedwa Emotion Engine inali ndi liwiro la pafupifupi 300 MHz basi, imatha kutopetsa kompyuta ya 2 GHz.

Musanasankhe pulogalamu iliyonse, yambani mwaika zithunzi pa mlingo wa 1x, womwe ndi wa makina enieniwo, kenako muone ngati liwiro lasintha. Likakwera, ndiye kuti khadi la zithunzi ndilo limalemedwa, ndipo nkhani yatha. Likakhala chimodzimodzi, dziwani kuti pulosesa ndiyo yafika pamapeto pa mphamvu zake, ndipo ngakhale mutasinthasintha zonse za zithunzi usiku wonse simudzaphula kanthu.

Mwa zitatuzi, PCSX2, yomwe imasewera magemu a PlayStation 2, ndiyo yovuta kuisangalatsa. Mkati mwa Emotion Engine munalinso timapulosesa tina tiwiri, VU0 ndi VU1, ndipo zonsezi ziyenera kuyendera limodzi popanda china kutsalira. Pali njira yotchedwa MTVU yomwe imapatsa VU1 core yakeyake (core ndi chigawo cha pulosesa chogwira ntchito pachokha), ndipo imathandiza ndithu, koma pokhapokha ngati pulosesa yanu ili ndi ma core atatu kapena kuposerapo. Njira ina ya EE Cycle Skip ine ndimaikayikira kwambiri, chifukwa nambala ya pakona ya sikirini imatha kusonyeza kuti liwiro lafika pa 100 peresenti pamene maso anu akuona kuti galimoto ya m'gemu ikudumphadumpha pokhota. Kumeneko ndi kudzinamiza. Komanso kuyambira pa PCSX2 2.0 ya mu 2024, amene amagwiritsa ntchito Windows ayenera kukhala ndi Windows 10 kapena yatsopano kuposa imeneyo, moti makina akale ambiri amagwera pakhomo pomwepo.

Dolphin, yomwe imasewera magemu a GameCube ndi Wii, ili pakatikati. Makina amenewa anali ndi pulosesa imodzi ya PowerPC yosavuta kuitsanzira, choncho chofunika si kuchuluka kwa ma core koma liwiro la core iliyonse payokha. Vuto lake lodziwika ndi kudukiza kwa kanthawi kochepa chinthu chatsopano, monga moto kapena kuphulika, chikaonekera koyamba. Mu 2017 anthu okonza Dolphin anabweretsa njira yojambulira zithunzi yotchedwa ubershader kuti athetse zimenezi, koma imafuna khadi la zithunzi lamphamvu, ndipo pa makina odalira Intel HD Graphics yakale, khadi la zithunzi la mkati mwa pulosesa, mankhwalawo amatha kupweteka kuposa matendawo. Ngati kompyuta yanu ndi ya 32-bit, musadzivutitse, popeza Dolphin inasiya kuthandiza makina otere mu 2014.

PPSSPP, yomwe imasewera magemu a PSP (PlayStation Portable, makina ang'onoang'ono onyamula m'manja) ndipo Henrik Rydgård anaitulutsa mu 2012, ndi nkhani ina. Sikirini ya PSP inali ya 480x272 yokha, ndipo pulogalamuyi inakonzedwa kuti izithamanga ngakhale pa foni. Laputopu imene ikulephera PCSX2 kawirikawiri imanyamula PPSSPP pa 2x popanda kudandaula. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti magemu angapo anatuluka pa PSP ndi pa PlayStation 2 pomwe. Grand Theft Auto: Vice City Stories inayambira pa PSP mu 2006 isanapite pa PlayStation 2 mu 2007, ndipo amene akusowa Tekken 5 angapeze Tekken: Dark Resurrection pa PSP. Choperewera chilipo, chifukwa PSP inali ndi analogi imodzi yokha, kotero kutembenuza kamera kumavutirapo, ndipo zithunzi zake n'zotsalirapo kwambiri. Komabe kwa ine, gemu yooneka mwachikale koma yothamanga bwino imaposa kutali yokongola yomwe ikukwawa.

Pali zinthu zina zing'onozing'ono zimene zimathandiza pulogalamu zonse zitatu. Laputopu izikhala pa chaja, chifukwa ikamadalira batire imachepetsa yokha liwiro la pulosesa, ndipo fumbi likadzaza mu fani imachitanso chimodzimodzi pothawa kutentha. Ngati khadi la zithunzi ndi la mkati mwa pulosesa, timitengo tiwiri ta RAM timalithandiza bwino kuposa kamodzi kakakulu. Kwa amene akakamirabe PCSX2, ndi bwino kuyesa gemu ya mtundu wa PAL (wa ku Ulaya) m'malo mwa NTSC (wa ku America ndi Japan), popeza PAL imafuna zithunzi 50 pa sekondi pamene NTSC imafuna 60, ndipo kompyuta imene imakakamira pa 52 idzamveka ngati yachira.