Tinti ya 35 peresenti: pakatoni inali yololedwa, pagalimoto yanga ayi

Shopu yomwe inandimatira pepala la tinti pamagalasi a galimoto ndikuipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Zitatuzo ndi za pepala lenilenilo ndi manja a mnyamata amene analimata. Ziwiri ndachotsazo zapita chifukwa cha pakamwa pa bwana wa pakauntala, amene anandiuza chinthu mwachidule kwambiri mpaka chinandidyera ndalama kwa a trafiki.

Ndimakhala kummwera kwa Johannesburg ndipo ndimayendera Toyota Corolla Quest yomwe ndinagula kwa munthu. Tinti sindinaikitse kuti ndizioneka bwana. Anali mantha. Madzulo ena mayi akunyumba anaima pamaroboti potsika mumsewu waukulu wa M2, chikwama chili pampando wakumanzere. Akuti anangomva kuti phwaa, potembenuka galasi palibe, chikwama palibe, mnyamata akudumpha kale kampanda ka m'mbali mwa msewu. M'chikwamamo munali foni, makadi a kubanki ndi pasipoti, ndipo amene anatayapo pasipoti ali kuno ku Joni akudziwa kuti foniyo inali nkhani yaing'ono. Timagalasi tinatisesa mwezi wathunthu, tina tikutulukabe pansi pa mpando wa mwana.

Apa m'pamene ndinaphunzira kuti magalasi a galimoto si amodzi. Lakutsogolo ndi magalasi awiri omatidwa ndi kapulasitiki pakati, ndiye mwala ukaligunda limangochita ming'alu n'kukhalabe pomwepo. A m'mbali ndi aja oumitsidwa ndi moto kuti alimbe, koma akangoboola pamalo amodzi lonse limayoyoka ngati mchere wa mibulu. Anyamata a pamaroboti amazidziwa bwino izi, n'chifukwa chake kachidutswa koyera kaja ka pulagi ya injini kamawakwanira. Pepala lomwe kuno amalitcha smash and grab limamatidwa mkati mwa galasi. Sililetsa galasi kusweka, limangogwira mibuluyo pamodzi kuti wakubayo agunde kawiri katatu, iwe n'kupezako mpata woponda mafuta.

Ndinapita kushopuko Loweruka lina mu July 2023. Dzina lake sinditchula, chifukwa zomwe ndinakumana nazo ndamva kuti zikuchitika m'mashopu ambiri. Pakauntala anandiyalira tizidutswa tinayi: loyera mbee lopanda mtundu, la 50, la 35 ndi la 20. Nambalayo ikutanthauza kuwala komwe kumadutsa, ndiye ikamachepa mdima ukuchuluka. La 20 linandikopa, osanama, koma ndinafunsa kuti lamulo likuti bwanji. Bwanayo anati malire ndi 35, ndipo la 35 ndi lomwe aliyense amaikitsa. Ndinafunsanso kachiwiri kuti ndisadzavutike pamsewu. Anaseka n'kulemba yekha palisiti kuti pepalali ndi la 35 ndipo n'lololedwa. Ndinalipira R1,900 ya mawindo anayi ndi galasi lakumbuyo, pepala lokhuthala mamaikironi 100.

Ntchito yomata ndiye sindinganene choipa. Mnyamata amene anagwira anandimva ndikuyankhula pafoni, n'kungoti, "Achimwene, kwanu n'kuti?" Anali wa ku Mangochi. Ndinaima pambali pake maola atatu onse. Galasi lililonse analipala kaye ndi lezala n'kulitsuka kawiri, chifukwa kachitsotso kamodzi kakatsalira pansi pa pepala kamaoneka moyo wonse. Lakumbuyo, popeza n'lokhota, anayamba walifunditsa pepala kunja n'kumaliwomba ndi kamakina ka mpweya wotentha mpaka litatenga maonekedwe a galasilo, kenako n'kulilowetsa mkati lonse lathunthu osaduladula. M'mphepete anadula mowongoka moti chala sichikodwa. Potsanzikana anati, "Achimwene, masiku atatu musatsitse magalasi, ngakhale ana alire. Mukaona ngati chifunga ndi timatuza ta madzi musakande, tiuma tokha." Inali nthawi yozizira, ndiye chifungacho chinatenga pafupifupi milungu itatu, koma chinathadi.

December yomweyo tinapita kumudzi pagalimoto, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka kulowa pa Mwanza. Amene anawolokapo Zambezi masana akudziwa dzuwa la ku Tete. Sindinama kuti m'galimoto munazizira ngati m'firiji, pepala lotchipali si la ceramic lija lodula lotchinga kutentha kwambiri, koma mkono wa kuwindo sunapse monga zaka zam'mbuyo, ndipo ana anagona osapachika zitenje pamagalasi.

Mayeso enieni anabwera mu March 2024. Ndinali ndekha, pamaroboti ena chakumadzulo, foni ili pakachogwirira ka padashibodi. Munthu anagunda galasi lakumanzere kutsogolo kawiri. Linayera lonse ngati ukonde wa kangaude, n'kufutukira mkati pang'ono, koma silinagwe ndipo dzanja lake silinalowe. Loboti itayaka ndinachoka mawondo akunjenjemera. Tsiku limenelo R1,900 ija inabwerera yonse. Galasi ndinasinthitsa, ndipo shopu yomweyo inamatanso windo limenelo pa R350, pepala lomwe lija la 35.

Chimodzi chomwe ndinayamba kudandaula tikiti isanabwere n'komwe ndi usiku. Chaka cha 2023 magetsi ankathima kwambiri kuno, maroboti ndi nyali za mumsewu zonse zili zii, ndiye ukafika pamphambano mvula ikugwa umayenera kutsitsa galasi kuti uone kumanja. Tangoganizani, pepala woikira kuti akuba asakufikire, iwe n'kumatsitsa galasi pamalo omwe akubawo amadikirira. Kawiri konse ndinatsala pang'ono kugunda anyamata aja okoka matrole a zinyalala zokagulitsa, chifukwa pagalasi loonera m'mbali ankaoneka ngati chithunzithunzi chabe. Pobwerera chammbuyo kulowa pageti usiku, mayi akunyumba ankachita kutsika kuti azindikodola.

Tikiti inabwera Lamulungu lina mu May, tikupita kutchalitchi. Panali rodibuloko, wapolisi wa metro, mayi wachikulire ndithu. Anaona disiki, anaona laisensi, zonse zili bwino. Kenako anayang'ana mawindo n'kundiuza kuti nditsitse langa theka. Anatulutsa kamakina konga foni yakale kokhala ndi mpata pansi, anapukuta galasi ndi kansalu, n'kukaveka pamwamba pa galasilo. Nambala inatuluka 27. Anapita mbali inayo, 28. Kumbuyo, 27. Ine mtima uli m'malo ndinatsegula kabati ya padashibodi n'kumupatsa lisiti lija, chala chili pamawu oti n'lololedwa. Analiwerenga bwinobwino n'kundibwezera. Anati lamulo siliyeza pepala lili pakatoni, limayeza windo lili pagalimoto. Sanakalipe, sanatchule za cold drink zija, anangolemba. Anandichenjeza kuti ndikapezekanso ndi magalasi omwewo nkhani ikhoza kukula kuposa chindapusa.

Mayi akunyumba anakhala chete mpaka titadutsa maroboti awiri, kenako anati, "Abambo, paja munati munafunsa kawiri."

Madzulo ake ndinakhala pansi n'kuwerenga lamulolo ndekha, zomwe ndikanachita miyezi khumi m'mbuyomo. Ndi ndime 202 ya National Road Traffic Regulations za 2000, zomwe zili pansi pa National Road Traffic Act 93 ya 1996. Likuti galasi lakutsogolo lizilowetsa kuwala kosachepera 70 peresenti, ndipo windo lina lililonse kosachepera 35. Mawu oti lina lililonsewo akuphatikiza mawindo akumbuyo. Likutinso pepala lomatidwalo lisakhale ndi matuza, long'ambika kapena lokandika, ndiye aja amayenda ndi tinti yofiirira yotupa ngati nthomba ali pamlandu ngakhale itakhala yowala. Zomwe zinandiseketsa pang'ono n'zoti pa malire a 35 aja ambulansi ndi galimoto yonyamula maliro anazipatula. Corolla yanga siili m'gulu limenelo, ndipo sindikufulumira kukwera yachiwiriyo.

Mlamu wanga wa ku Manchester nditamuuza anati, "Alamu, bwanji osangochotsa kutsogolo n'kusiya kumbuyo?" Kwawoko zimatheka. Ku Britain galasi lakutsogolo limafuna 75 peresenti, a m'mbali kutsogolo 70, koma akumbuyo ulibe malire, ukhoza kudetsa mmene ungafunire. Kuno si choncho. Malangizo a tinti sawoloka nyanja.

Nanga 35 inasanduka bwanji 27? Nkhani yonse yagona pamenepa. Galasi la galimoto lochokera kufakitale si loyera ngati la pawindo la nyumba. Mukaliyang'ana cham'mbali mudzaona kuti n'lobiriwira pang'ono, ndipo limadya kale kuwala kwina lisanamatidwe chilichonse. Langa, pepala litachotsedwa, linayezedwa 78. Ndiye kuwala kukadutsa galasi kumatsala 78, pepala n'kulola 35 peresenti ya kotsalako. Chulukitsani 0.78 ndi 0.35, mupeza 0.27. Kamakina ka mayi uja sikananame ngakhale pang'ono. Ndipo pepala silinaname, linali la 35 ndithu. Amene analakwa ndi munthu amene amagulitsa zinthuzi tsiku ndi tsiku koma osandiuza kuti ziwirizi zimaphatikizana. Pagalasi ngati langa, kuti ukhale pamwamba pa 35 umafuna pepala la 45 kupita m'mwamba, zomwe pamsika zikutanthauza la 50.

Chindapusa ndinalipira msanga. Kuno ku Johannesburg ndi ku Tshwane matikiti a pamsewu akhala akuyendera dongosolo la AARTO kuyambira 2008, ndipo ukalipira pasanathe masiku 32 amakuchotsera theka. Mwayi wolemba kalata yodandaula ulipo, koma ndikanadandaula chiyani? Nambala ndinaiona ndi maso anga.

Lolemba ndinabwerera kushopu ndi tikiti ndi lisiti, zonse m'dzanja limodzi. Apa m'pamene nyenyezi ziwiri zija zinagwera. Bwana uja anayamba ndi kunena kuti makina a apolisi amanama. Ndinamupempha kuti ayeze ndi ake. Analibe. Shopu yomata tinti kuyambira m'mawa mpaka madzulo, yokhala ndi makina odulira, owombera mpweya, sofa ya makasitomala ndi wailesi ya kanema, koma yopanda kachipangizo kamodzi komwe kamanena ngati ntchito yawo ili mkati mwa lamulo. Kenako anatembenukira ku galanti: akuti imakhudza kumatuka, matuza ndi kusuluka mtundu, osati matikiti. Ndinamuonetsa mawu omwe analemba ndi dzanja lake. Tinakokana mphindi makumi atatu, makasitomala ena akumvetsera, mpaka anavomera kuchotsa pepala lakale ulere n'kumata latsopano pa theka la mtengo. Za chindapusa anakanitsitsa. Pepani sanatchule.

Kuchotsa kunavuta kuposa kumata. M'mbali zinayenda bwino, nthunzi yotentha, kusenda, kenako kupala guluu wonunkha uja. Kumbuyo ndiye kunali ntchito, chifukwa mkati mwa galasi limenelo muli timizere tija totenthetsa kuti chifunga chichoke, ndipo pepala likamatuka limafuna kupita nato. Mnyamata wa ku Mangochi uja anasenda pang'onopang'ono pafupifupi ola, komabe timizere tiwiri tinaduka. Anandiuza yekha ndisanaone. "Achimwene, apa ndalephera, tiwiri tapita." Mpaka lero m'mawa wa June galasi lonse limayera kusiya kamzere ka chifunga pakatikati, pamalo enieni pomwe ndimaonera galimoto yakumbuyo.

Panopa ndili ndi la 50, ndipo ndinasankha lokhuthala, la mamaikironi 150. Ichi n'china chomwe ndinadziwa mochedwa: chomwe chimagwira galasi ndi kukhuthala kwa pepala, mdima suwonjezera mphamvu. Lija loyera mbee lomwe ndinalinyoza tsiku loyamba limateteza chimodzimodzi ndi lakuda la kukhuthala komweko. Mdima umangobisa chikwama kuti chisaoneke msanga, basi. Ndisanakhulupirire ndinapita kushopu ina yomwe ili ndi kamakina koyezera, ndinalipira kangachepe, mawindo onse anatuluka pakati pa 38 ndi 40. Ndinawapempha kuti alembe manambalawo kuseri kwa lisiti, windo ndi windo. Usiku ndikuona bwino, pageti ndikulowa ndekha. Kutentha kwawonjezekako pang'ono masana, osati kwambiri.

Kodi ndingabwerere kushopuyo? Ngati womata ndi mnyamata yemweyo, inde, koma nditayezetsa kaye galasi lopanda kanthu kwina, n'kufika ndikudziwa kale nambala yomwe ndikufuna. Amene muli ndi galimoto zija zobwera ndi magalasi akumbuyo akuda kale, musalole kuti amatepo pepala la mtundu asanayeze, chifukwa pamenepo nambala imagwa kwambiri kuposa yanga. Ndipo musamafunse kuti "pepalali n'lololedwa?" monga ndinachitira ine. Muzifunsa kuti likamatidwa pagalasi lanu nambala ituluka yanji, ndipo akuonetseni.

Mayi akunyumba la 50 sakulikonda, akuti anthu a m'minibasi akumawaona akudya chimanga pamaroboti. Chikwama tsopano chimakwera kubuti. Mwezi watha ndinadutsira pashopu paja kukagula kansalu kopukutira, n'kumufunsa mnyamata uja ngati bwana wake anagula kamakina koyezera. Anayang'ana kukauntala, n'kutsitsa mawu. "Akuti mwezi wa mawa, achimwene."