Lubricator yomwe inatsala pang'ono kundiphera silinda

Lubricator imeneyi, kathanki kokhala ndi kapampu kopopera oyilo m'silinda ya injini ya nthunzi, ndikuipatsa nyenyezi zitatu. Ndikanalemba Loweruka limene ndinaiyesa koyamba pa injini, ikanakhala imodzi.

Ndinaigula pa mapaundi 95, positi yapadera, kuti ndimange pa Burrell yanga, kainjini ka nthunzi koyenda pamsewu ka sikelo ya mainchesi 3, kutanthauza kota ya kukula kwa yeniyeni. Injiniyi ndakhala ndikuipanga m'galaja kuno ku Leicester kwa zaka 6, mpaka ndinapita ku Thetford kukayang'ana zenizeni kumene zinkapangidwira. Katundu anafika msanga, kathanki kamkuwa kakunyezimira. Pabenchi ndinathiramo oyilo wa nthunzi wa 680, n'kupukusa ndi dzanja, oyilo n'kumatuluka kadontho kadontho. Ndinati basi, zatheka.

Tsiku loyamba kukoleza moto pabwalo la kalabu yathu kunabwera mayi akunyumba, ana, ngakhalenso mlamu wanga amene amati ndikutaya ndalama pa zidole. Geji ya mphamvu ya nthunzi itafika pa 90 psi ndinatsegula regulator, chotsegulira nthunzi yopita kusilinda, injini n'kunyamuka bwinobwino. Kwa mphindi 20 ndinali mfumu. Kenaka ndinayamba kumva kaphokoso, tswii tswii, ngati wilibala yosadzoza girisi. Ndinapisa chala kukamwa kwa chumuni, kunali mwaye wouma gwa. Amene mumaseweretsa nthunzi mukudziwa kuti pamenepo pamayenera kunona, chifukwa oyilo akatha ntchito m'silinda amatulukira komweko. Nditavundukula kathanki, mtima unangoti myuu. Munali zoyera ngati chambiko, zikuchita thovu, ndipo m'malo mochepa zinali zitadzaza mpaka kusefukira. Nthunzi inkabwerera m'paipi n'kumasanduka madzi m'thanki, kapampu n'kumangovundula madziwo, silinda ikuyenda youma. Silinda imeneyi ndi ya cast iron, maling'i a pisitoni chimodzimodzi, ndipo ndinaiboola ndekha pa lathe, makina osemera zitsulo, masabata atatu, usiku ndikaweruka. Ndinakokolola malasha onse manja akunjenjemera. Mlamu anasuzumira m'kathanki muja n'kufunsa kuti, "Alamu, kodi chimaphikanso phala?" Sindinawayankhe.

Lolemba ndinaimba foni kwa ogulitsa. Bambo amene anayankha sanandilole n'kumaliza komwe. Akuti ndiye kuti ndinathira oyilo wa galimoto. Ndinawauza kuti ufitala ndinagwira zaka 11 ku Limbe, ndipo ndikudziwa kuti oyilo wa galimoto nthunzi imangomutsuka, pomwe wa nthunzi ndi wolemera komanso amasakanizidwa ndi mafuta ena kuti azikakamira pachitsulo chotentha ndi chonyowa. Iwo anangobwereza mawu omwe aja, koma pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi mwana wa sitandade 1. Chimenechi ndiye chinandiwawa kuposa silinda. Imelo yanga ya zithunzi mpaka lero sinayankhidwe.

Anandithandiza ndi mdala wina wa kukalabu, amene anapuma ntchito ya njanji. Tinamasula check valve ya pansi pa thanki, kavavu kolola oyilo kutuluka koma kotsekera nthunzi kuti isabwerere m'thanki. Pamene pamakhala kampira kachitsulo panali kanyenyeswa ka mkuwa kotsalira poboola, kochepa ngati mchenga, koma kokwanira kuti kampirako kasatseke. Kufakitale sanatsukemo. Pabenchi vutoli silingaoneke chifukwa palibe chokankha oyilo kubwerera, limadikira nthunzi. Mdalayo anachotsa kanyenyeswako, anakhazikapo kampira kena, n'kukagogoda kamodzi kokha ndi kanyundo kudzera pa kandodo ka mkuwa kuti pakhale khalo labwino. Kampira kogogodedwako anakataya n'kuikapo katsopano ka stainless. Anandiuzanso kuti ndiwonjezere check valve yachiwiri pafupi ndi silinda penipeni, ina ikalephera ina izigwira.

Apa ndinene chilungamo, pena ndinalakwitsa ndine. Kamkono koyendetsa pampu, kochokera ku valve rod (ndodo yoyendetsa vavu ya injini), ndinakakoweka pabowo lakutali kwambiri, ndiye kankayenda pang'ono, moti kagudumu ka mano kopukusa pampu nthawi zina kankadumphidwa osasuntha. Komanso paipi sindinaidzaze oyilo ndisanakoleze moto, chinthu chofuna kungopukusa ndi dzanja mpaka oyilo aonekere kumapeto. Kapepala ka m'bokosi sikanena chilichonse pa ziwirizi, koma fitala wa zaka 11 samayenera kudikira kapepala.

Mkwiyo uli pakati ndinafuna kuitaya n'kuikapo displacement lubricator, mtundu uja wa John Ramsbottom wa mu 1860, wopanda pampu: nthunzi imalowa, imasanduka madzi, madzi amamira pansi, oyilo n'kuyandama kupita kusilinda. Koma imafuna kukhetsa madzi pafupipafupi, ndipo kuchuluka kwa oyilo sungakulamulire bwino ngati pa yapampu. Ndinaleka.

Chikonzereni yayenda maulendo 7 popanda vuto. Imapopa mofatsa, mwinanso mopitirira pang'ono, malaya anga oyera ndi mboni. Mano a kagudumu ndi olimba, sanadyeke, ndipo thanki sikudontha paliponse. Pa mtengo umenewu chitsulo chake n'chabwino ndithu. Silinda inapulumuka ndi timizere tosazama, ndinatisalaza n'kusintha ling'i imodzi.

Ngati mukugula, masulani check valve musanamange, tsukanimo, ndipo muiyese ndi mpweya kuchokera kumapeto kwa paipi muone ngati thovu likutulukira m'thanki. Foni ya ogulitsa musavutike nayo. Mlamu uja wakwera kale kangolo kokokedwa ndi injiniyi kawiri konse, ndipo akufunsa ngati mwezi wamawa tikolezanso.